Thabwa Lobwerera Lokha la a Mesenjala

Aliyense amene anagwirako ntchito ku ofesi ya mapulani a nyumba ija, kapena kungokhalako pa benchi kudikira chidindo, akuuzani chinthu chimodzi cha malemu a Mesenjala: m'kolido sankayenda wapansi. Munthu wa imvi mbuu, tayi pakhosi, mafayilo m'khwapa, ankadutsa ataima njo pa kathabwa ka matayala anayi, kamtundu uja kumayiko akunja amaseweretsa achinyamata a mathalauza ogwa. Kumeneko ndi masewera a anthu okhuta. Kuno kathabwa kanali pantchito, kuyambira hafu seveni mpaka faifi.

Kukwerako sikunali nkhani kwenikweni. Kukwera aliyense angakwere, bola akhale kuti mano ake anatopa nawo. Nkhani inali pa katsikidwe. Akayandikira chitseko chimene akufuna, a Mesenjala ankadumphira kutsogolo ndi phazi lamanja, n'kunena motsitsa kuti, "Pita kwanu." Ndipo thabwa linkamvera. Linkabwerera chambuyo lokha, kudutsa zitseko zonse, mpaka kukalowa pansi pa desiki ya mayi a pa Telefoni, amene ankakhala polowera penipeni. Mayiwo ankaliponda osayang'ana n'komwe, pakamwa akuuza wina pa lamya kuti adikire pang'ono amulumikize. A Mesenjala akamaliza kupereka mafayilo, ankanyamula telefoni ya mu ofesi imene alimo, n'kudina ziro.

"Asuweni, galimoto."

"Mafuta mwathira?"

"Ndithira mukadzakongola."

Kenako phazi la mayi linkagwira ntchito yake, thabwa n'kumakokoma kolido yonse ya zitseko khumi ndi zisanu ndi zinayi kukatenga mwini wake.

Chisuwenicho sichinali cha magazi. Tsiku limene mayi anayamba ntchito, a Mesenjala anawayang'anitsitsa n'kunena kuti mphuno imeneyo ndi ya kwa amalume awo, sangaisokoneze. Mayi anayankha kuti kumtundu kwawo kulibe anthu aafupi chomwecho, mwina ngati anabadwa chaka cha njala. Basi, ubale unamangidwa pomwepo, ndipo kuyambira pamenepo chilichonse chimene ankanenana chinali chololedwa.

Ndi msuweni yekhayo amene ankadziwa chimene thabwalo linkabisa. Bondo lamanzere la a Mesenjala linali litatha. M'mawa uliwonse, anthu asanachuluke, ankakhala kuseri kwa desiki ya mayi, kukweza thalauza, kupaka mankhwala onunkha n'kumanga bandeji. Kuimirira linkalola, koma kuyenda linkakana. Ndipo pa ofesipo lamulo linali lodziwika: mesenjala wosayenda amamutumiza kwa dokotala, dokotala n'kumutumiza kunyumba. Kunyumbako akazi awo anali atamwalira kalekale, ana ali kutali. Anawalumbiritsa mayi kuti asadzauze munthu.

"Mukadzangonena, asuweni, adzandipatsa wotchi ya pakhoma n'kunditumiza kukayang'anira nkhuku za aneba. Ine ndingathe mwezi?"

Thabwalo linasiyidwa m'kabati ndi injiniya wina amene anachoka osatsanzika. Poyamba a Mesenjala analimanga chingwe n'kumakokerapo mafayilo ngati mbuzi yokana kupita kumsika. Tsiku lina bondo litawakwana, anaimapo okha n'kudzikankha. Zinayenda bwino mpaka pamene anafuna kutsika. Anadumphira kutsogolo mwamphamvu, thabwa n'kuthawa chambuyo ngati lamva kuti kukubwera apolisi, mpaka kukamenya kapando ka mayi a pa Telefoni. A Mesenjala anagwa chafufumimba pakhomo la ofesi yojambula mapu. Mayi anathamangira kumeneko akuganiza kuti munthu wathyoka, koma anawapeza ali chigonere, chibwano pa simenti, akuganiza mozama. A Mesenjala anafunsa kuti ndani wakankha thabwalo. Mayi anati mwina mizimu ya kwawo.

"Ayi, ndine. Koma ine ndimapita kutsogolo. Ndiye lapita bwanji kumbuyo?"

Sabata yonse imeneyo nthawi ya nkhomaliro sanadye. Anali m'kolido kukwera ndi kutsika, mayi akutafuna buledi n'kumawauza kuti akafa, maluwa a pamanda agule okha. Pofika Lachisanu anali atapeza malamulo awo, ndipo anawalalikira zaka zonse zotsatira kwa aliyense wopezeka pafupi, ngakhale munthu wongofunsa njira ya kuchimbudzi. Ukadumphira kutsogolo, phazi lako limatsamira thabwa kuti upeze mphamvu, ndiye thabwa limapita kumbuyo. Ukadumphira kumbuyo, limauluka kutsogolo ngati muvi. Ukatsikira pambali mwaulemu, limangopitirira ulendo ngati basi yoti kondakitala sanaone kuti watsika.

"Liwiro silifa," ankatero. "Limangosintha mwini."

Ankawonjezera kuti pa kugawanako, wopepuka ndiye amazunzika. Iwo akangowonjezera pang'ono pa liwiro lawo, thabwa linkathamanga kolido yonse, chifukwa ilo ndi kathabwa chabe pamene iwo ndi munthu wamafupa. Ankati ndi mmenenso zimakhalira pa ofesi: bwana akasuntha pang'ono pampando, mesenjala amathamanga tsiku lonse.

Woyamba kuyesa malamulowa mosafuna anali a Masitolo, chimunthu chachikulu chosunga makiyi a zipinda zonse, chimene chikamakwera masitepe chinkapuma kawiri. Masiku amenewo a Mesenjala ankatsika mosamala n'kusiya thabwa pakhomo. A Masitolo anatuluka akuwerenga pepala, phazi n'kutera pathabwa, linalo n'kutsatira posafuna kutsalira. Anthu anawaona akudutsa zitseko zinayi ataimirira, pepala likadali m'manja, nkhope ili ngati ya munthu amene walowa maliro olakwika. Kenako nzeru zinawauza kuti athawire kumbuyo. Thabwa linauluka n'kukaswa mphika wa maluwa kumapeto kwa kolido, iwo n'kukhala pansi mwakuti magalasi a mawindo analira. A Mesenjala anafika, anayamba awona kaye ngati matayala ali bwino, kenako anawauza mwachifundo kuti akanadumphira kutsogolo. A Masitolo sanawalankhule mwezi wathunthu. Ndi pamenepo pamene panakhazikitsidwa zoti thabwa lizibwerera ku galaja, pansi pa desiki ya mayi.

Mayi anafika polidziwa thabwalo ngati mwana wawo. Likabwera pang'onopang'ono, ankadziwa kuti msuweni walowa mwa bwana ndipo watsika mwaulemu. Likabwera likulira ngati njinga yamoto, ndiye kuti wina wamuyankha mwano kumtunda uko. Lolemba lililonse, pansi atapaka polishi, linkabwera molusa popanda chifukwa, ndipo mayi ankavala nsapato zotseka.

Zinayenda chomwecho zaka zisanu ndi ziwiri, mpaka kunabwera bwana watsopano. Anali munthu wa zaka zapakati, wophunzira kunja, woyenda mofulumira ngati kumbuyo kwake kukuyaka moto. Sabata yoyamba analemba chikalata cha makapu a tiyi, china cha kutseka mawindo, china chofotokoza kalembedwe ka zikalata. Lisanafike Lachisanu anali atapatsidwa kale dzina loti a Memo. Sabata yachiwiri, akutuluka mu ofesi yawo, thabwa lopanda munthu linadutsa pafupi ndi nsapato zawo zonyezimira likupita kwawo. Analiyang'ana mpaka linakalowa pansi pa desiki. Madzulo ake chikalata chinali pa bolodi.

A Mesenjala anapita kukadandaula, atakonza ulaliki wonse wa liwiro. A Memo anawadula pakati. Anati zimenezo anazilembera mayeso ndipo anakhoza bwino, n'kutenga pepala kulembapo zilembo ndi manambala kusonyeza kuti a Mesenjala akunena zoona. Vuto, anatero, n'lakuti thabwa likamabwerera lilibe maso, ndipo tsiku lina lidzapeza mayi woyembekezera. Kunena chilungamo, a Memo sanalakwe. Amene tinakhalako kunja matenda amenewa timawadziwa: munthu umabwera ukuona zoopsa zonse, osaona chimene chikugwira denga kuti lisagwe.

A Memo analamula a Masitolo kuti akatsekere thabwalo. A Masitolo anati iwo chinthu chimenecho sachigwira ngakhale ndi mtengo, ndiye linangotsala pansi pa desiki ya mayi, kudikira kuti papezeke wolimba mtima.

Tsiku loyamba a Mesenjala anayenda wapansi akuseka, n'kumauza anthu kuti galimoto ili kwa makaniko. Tsiku lachiwiri anayamba kupereka moni wautali. Pa chitseko chilichonse ankaima, dzanja pa felemu, kufunsa za ana, za apongozi, za chifuwa chimene munthu anadwala chaka chatha. Anthu ankati mdala wayamba kukonda anthu. Mayi okha ndi amene ankaona kuti moni uliwonse ukutha pamene bondo lalola. Mafayilo a m'mawa ankafika masana.

Tsiku lachitatu, cha m'ma teni, a Memo anaimba ziro n'kupempha kuti awalumikize ndi ofesi yoona za antchito. Mayi analumikiza, ndipo monga amachitira anthu a ntchito imeneyi kuyambira kalekale, anachedwa pang'ono kuchotsa khutu. Anamva a Memo akufunsa zaka za a Mesenjala, ndiponso kuti munthu amatumizidwa bwanji kwa dokotala. Anabweza telefoni mwakachetechete. Kunena za bondo kunali kuphwanya lumbiro ndi kumupereka msuweni. Kukhala chete kunali kumupereka chimodzimodzi, kungoti mochedwerako. Tiyi wawo anazizira m'kapu.

Masana a tsiku lomwelo mayi anawaona a Mesenjala kumapeto kwa kolido, atanyamula katoni yodzaza mapulani, atatsamira khoma, akunamizira kuwerenga chikwangwani cha zoyenera kuchita moto ukabuka. Chikwangwanicho chinali ndi mizere inayi yokha, ndipo anali atachiwerenga mphindi khumi. Ngakhale patali pamenepo, mwendo wa thalauza unkaoneka kuti ukunjenjemera. Mayi sanaganize zambiri. Phazi linalowa pansi pa desiki n'kuchita zimene linazolowera.

Thabwa linakaima pamapazi pa mwini wake. A Mesenjala analiyang'ana, kenako anayang'ana msuweni wawo kutali uko, napukusa mutu. Koma anakwera. Anadzikankha kamodzi, kawiri, msana n'kuwongoka, tayi n'kuyamba kuuluka. Atafika chapakati, chitseko chinatseguka, n'kutuluka a Memo, kumbuyo kwawo a Masitolo ndi makiyi awo, onse awiri n'kuima pakati penipeni pa njira.

Mayi anali atamva ulaliki uja kambirimbiri, ndiye anaona vuto lonse nthawi imodzi. Msuweni akadumphira kumbuyo, thabwa likathyola miyendo ya bwana. Akatsikira pambali, lipitabe komweko. Akadumphira kutsogolo ndi liwiro limenelo, katoni m'manja, ndiye kuti iye mwini akagwera bwana pachifuwa.

"Gwirani, bwana," anatero a Mesenjala, n'kuponya katoni.

Katoni itangochoka m'manja, liwiro lawo linatsika ngati wina wawagwira lamba. Anaponda kutsogolo ndi phazi lamanja, mofewa ngati akutsika pa guwa, thabwa n'kubwerera mwaulemu kumene linachokera. A Memo, poti manja a munthu amagwira asanafunse mutu, anailandira katoniyo pachifuwa, n'kubwerera m'mbuyo mapazi atatu mpaka kukathera pamimba pa a Masitolo. Pamenepo liwiro linapeza pokhala. A Masitolo sanasunthe ngakhale pang'ono. Anangotulutsa mpweya, makiyi n'kulira.

A Mesenjala ndi mayi anaitanidwa mu ofesi nthawi yomweyo. A Memo anakonza tayi, nafunsa kuti ndani watulutsa thabwa. Mayi anati ndi iwo. Atafunsidwa chifukwa, anati phazi linaterereka. A Memo anati phazi loterereka silitumiza chinthu molunjika kudutsa zitseko khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo munthu wonyoza chikalata dala, n'kunamanso, sangakhale polowera pa ofesi. Anakoka pepala n'kutsegula cholembera. 

A Mesenjala anapempha mpando. Sanadikire yankho. Anakhala, anakweza thalauza, n'kuyamba kumasula bandeji pang'onopang'ono, fungo la mankhwala n'kudzaza chipinda. Bondo linatuluka lotupa, lonyezimira, lalikulu ngati mutu wa khanda.

"Mlandu ndi uwu, bwana. Mayiwa asiyeni. Ndi bodza lokhalo limene analitha bwino chibadwire."

"Khalani chete, inu," anatero mayi.

A Memo analiyang'ana bondolo nthawi yaitali. Anafunsa kuti zakhala chomwechi kuyambira liti, ndipo atamva zaka, anafunsanso kuti pa zaka zimenezo ndi mafayilo angati amene anachedwa. A Mesenjala anati mpaka Lolemba lapitali, palibe. Bwana anatseka cholembera, n'kusisita pachifuwa pamene panagunda katoni.

"Nanga katoni ija munaiponyeranji?"

"Liwiro linali loti lifike kwa inu basi, bwana. Ine ndinangosankha kuti likupezeni m'manja, osati m'miyendo."

Mawa lake pa bolodi panali chikalata cha masamba awiri, chachitali kuposa zonse zimene a Memo analembapo. Thabwa linalembedwa kukhala chipangizo cha ofesi. Linayenera kumangidwa belu kuti lizimveka likamabwerera, ndi kuyenda kumanzere kwa mzere wachikasu umene unajambulidwa pansi. Woyendetsa anali mmodzi yekha, ndipo mayi a pa Telefoni anatchulidwa kuti woyang'anira galaja. Za dokotala munalibemo liwu. A Masitolo anakakamizidwa kumata nambala pa thabwalo, ndipo anachita zimenezi atagwada, anthu awiri atalipanikiza.

Belulo linali la njinga, ndipo a Mesenjala ankadana nalo. Ankati lawachotsera ulemu, tsopano akumveka ngati wogulitsa ayisikilimu. Koma anayenda nalo zaka zina zinayi. A Memo, akakhala ndi alendo ochokera kutali, ankawatulutsa m'kolido dala nthawi ya mafayilo, n'kumawafotokozera za liwiro ngati anatulukira okha.

Tsiku lopuma pantchito a Mesenjala analisankha okha. M'mawa wake anapaka mankhwala monga mwa masiku onse, kenako anakankhira thabwa pansi pa desiki n'kutenga ndodo. Anayenda kolido yonse wapansi, chitseko ndi chitseko, kupereka moni weniweni tsopano, wosabisa kanthu. Zinawatengera ola ndi theka. Palibe amene anayesa kuwagwira mkono, chifukwa onse ankadziwa yankho limene akanalandira. Atabwerera pa desiki, thukuta lili kamukamu, mayi anawauza kuti achedwa, ndipo akanakhala bwana akanawachotsa ntchito.

"Ndimafuna ndituluke ndi miyendo yanga, asuweni. Komanso bwanji simunandiuze kuti m'kolidomu muli zithunzi? Zaka zonsezi ndimangoona mitundu ikudutsa."

Nkhuku za aneba anaziyang'anira chaka ndi theka, osati mwezi umodzi umene ankaopa. Lachisanu lililonse ankaimba pa ofesi, osafuna kulumikizidwa ndi aliyense, kungofuna kumuuza msuweni kuti mawu ake akukalamba. Anamwalira masana ena atakhala pampando pakhonde, wailesi ikulira. Ku maliro a Memo anawerenga mawu a masamba atatu, ndipo pa tsamba lachiwiri anasiya kuwerenga n'kupinda pepala. A Masitolo ananyamula bokosi mbali yakumutu, osapuma ngakhale kamodzi. Thabwa analitenga mwana wamkazi wa malemu.

Mesenjala wina sanalembedwe. Mapulani masiku ano amayenda pa kompyuta, ndipo amafika mwachangu, ngakhale palibe amene amabwera nawo n'kukufunsa kuti mwana wachira. Kolido ili zii. Kale munthu ukamatuluka mu ofesi unkayamba wasuzumira kaye uku ndi uku, ndipo posuzumirapo unkaonana ndi mnzako wa chitseko chinacho, n'kupatsana moni. Tsopano anthu amangotuluka, maso pa foni, n'kumayenda pakati penipeni ngati njira ndi ya bambo awo. Mayi akadali polowera, tsitsi layamba kuyera, ndipo sadandaula. Amati anaseka zokwanira anthu atatu.

Mwezi wathawu kunabwera opaka penti. Mmodzi wa iwo, bambo wachikulire wa ovololo yamawangamawanga, anasuntha desiki ya mayi kuti apake kuseri, n'kupeza khoma lonse m'munsimu lili zibowo ndi mikwingwirima yakuda, pamene thabwa linkagunda masiku amene phazi lachedwa. Anatenga chomatira kuti atseke. Mayi anamuuza kuti pamenepo asiye, desiki ibisa.

"Koma mayi, apa pankamenya chiyani? Munkasunga mbuzi?"

"Msuweni wanga."

Wopentayo anayang'ananso zibowozo, n'kuchotsa chipewa kukanda mutu.

"Anali waukali?"

"Ayi," anatero mayi, akukokera telefoni pafupi. "Ankangobwera pafupipafupi."